Jini ya AFP m'chiwindi cha khoswe wamkulu: mmene imazimira ndi maselo amene imayakiranso

Mukayeza magazi a khoswe amene watsala masiku awiri kapena atatu kuti abadwe, mupezamo puloteni ina yochuluka zedi, mamiligalamu angapo pa mililita imodzi. Dzina lake ndi alpha-fetoprotein, koma anthu a m'malabotale amangoti AFP. Khoswe yemweyo akakwana miyezi iwiri, puloteniyi imatsala pang'onong'ono, yosafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo 10 a maikulogalamu imodzi pa mililita. Ndiye kuti yatsika kupitirira ka 10,000. Komatu jini yopanga AFP sinapite kwina. Ikadali m'selo lililonse la chiwindi, yathunthu, ndipo chiwindicho chikavulala kapena chikayamba khansa, AFP imatha kubweranso m'magazi.

Ambiri akamva zimenezi amafulumira kunena kuti chiwindi chabwerera ku ukhanda. Mawuwa amabisa zambiri. Chiwindi chili ndi maselo amitundu ingapo, ndipo jini ya AFP imatulutsa RNA yamitundu ingapo (RNA ndi uthenga wokopedwa pa jini, umene selo limatsatira popanga puloteni). Choncho AFP ikakwera m'chiwindi cha khoswe wamkulu, kudziwa kuti yakwera kangati n'kosakwanira. Pamafunika kudziwa selo limene likuipanga ndiponso mtundu wa RNA umene wachuluka.

Puloteniyi inapezeka koyamba mu 1956, pamene Bergstrand ndi Czar anaiona m'magazi a ana osabadwa a anthu. Mu 1963 Garri Abelev ndi anzake ku Moscow anaipeza mu mbewa zazikulu zodwala khansa ya chiwindi, ndipo mu 1964 Yuri Tatarinov anaipeza mwa anthu odwala khansa yomweyo. Kuyambira pamenepo makoswe a m'labotale akhala akugwiritsidwa ntchito kwambiri pa kafukufukuyu, chifukwa chiwindi chawo n'chachikulu moti n'kuchita nacho opaleshoni, kusiyanitsa maselo ake ndi kutengamo RNA yokwanira.

Jiniyo ndi mnzake woyandikana naye

Mu khoswe, jini ya AFP ili pa kromozomu 14. Mu mbewa ili pa kromozomu 5, ndipo mwa munthu ili pa kromozomu 4. Kulikonseko imagundizana ndi jini ya albumin, puloteni yochuluka kuposa zonse m'magazi a nyama yaikulu. Majini awiriwa anachokera ku jini imodzi yakale imene inadzibwereza, n'chifukwa chake amafanana kamangidwe: iliyonse ili ndi zigawo 15 zotchedwa exon, zolekanitsidwa ndi ma intron 14, zidutswa zimene zimadulidwa n'kuchotsedwa RNA ikamakonzedwa. A m'banja lomweli ndi afamin ndi puloteni yonyamula vitamini D. RNA yathunthu ya AFP ya khoswe ili ndi zilembo pafupifupi 2,100, zimene amalemba kuti 2.1 kb, ndipo puloteni yochokamo imalemera pafupifupi 70 kDa ikavala shuga wake. Koyambirira kwa puloteniyi kuli kachidutswa kamene kamailondolera ku njira yotulukira kunja kwa selo. Kachidutswaka kakasowa, puloteniyo singafike m'magazi, ndipo mfundo imeneyi tidzaifunanso kutsogoloku.

Bere la khoswe limatenga masiku pafupifupi 22. Chiwindi chikangoyamba kuphuka, majini a AFP ndi albumin amayaka pafupifupi nthawi imodzi, m'maselo amodzimodzi. Kathumba kotchedwa yolk sac kamapanganso AFP yambiri, ndipo matumbo amapanga yochepa. Mwana akabadwa, awiriwa amasiyana njira: albumin imapitirira kukwera ndipo imakhala pamwamba moyo wonse, pomwe AFP imagwa. Majini oyandikana, a m'selo limodzi, ogwiritsa ntchito mapuloteni olamulira ambiri ofanana, koma ina yazima ina ikuyaka. Zimenezi ndi zimene zinakopa akatswiri ambiri, chifukwa albumin imakhala ngati muyeso wokhalapo kale woyerekezera nawo chilichonse chimene chachitikira AFP.

Za ntchito yake tingonena mwachidule. AFP imanyamula mafuta ena m'magazi, ndipo ya makoswe ndi mbewa imagwira mwamphamvu homoni ya estrogen, chinthu chimene AFP ya munthu sichita. Mbewa zochotsedwa jiniyi, zimene zinafotokozedwa mu 2002, zimabadwa ndi kukula bwinobwino, koma zazikazi sizibereka, chifukwa ubongo wake unakhudzidwa ndi estrogen zili m'mimba popanda AFP yoitchinga.

Mmene imazimira

Sabata yoyamba khoswe atabadwa, RNA ya AFP imakhala ikadali yambiri. Imatsika kwambiri m'sabata yachiwiri ndi yachitatu, ndipo pofika masabata anayi imakhala yayandikira mlingo wa nyama yaikulu. Kutsikaku kumayambira pa kukopera kwenikweniko, pamene enzyme ya RNA polymerase II imawerenga jini n'kupanga RNA. Umboni wake umachokera ku njira yotchedwa nuclear run-on: amatenga manyukiliyasi a maselo a chiwindi, n'kuwapatsa zopangira RNA zokhala ndi chizindikiro, kuti polymerase imene inali itayamba kale kuwerenga imalize. Pa manyukiliyasi a khoswe wakhanda, jini ya AFP imaonetsa chizindikiro champhamvu. Pa a khoswe wamkulu sipaoneka kanthu kwenikweni, pomwe albumin imawala monga kale.

Kuzimaku sikuchitika nthawi imodzi m'chiwindi chonse. Chiwindi chinamangidwa ndi timagawo totchedwa lobule. M'mphepete mwa lobule muli malo olowera magazi, pamene pali nthambi ya mtsempha wa portal, nthambi ya mtsempha wa magazi ochokera kumtima, ndi kachubu ka ndulu. Pakati pake pali mtsempha wotulutsa magazi. Maselo aakulu a chiwindi, ma hepatocyte, amandandalika kuchokera m'mphepete kukafika pakati. Oyamba kuzimitsa AFP ndi a m'mphepete, ndipo kuzimako kumayenda pang'onopang'ono kulowera pakati, moti omaliza amakhala ozungulira mtsempha wapakati.

Mahomoni a glucocorticoid ali ndi mbali yawo. Gulu la Luc Bélanger ku Québec linaonetsa kuti khoswe wakhanda akabayidwa dexamethasone, mankhwala a mtundu wa mahomoni amenewa, kukopera kwa AFP kumagwa msanga nthawi yake isanakwane, albumin osagwa nayo. Zikugwirizana ndi kuti corticosterone, homoni ya khoswe ya mtundu umenewu, imakwera m'sabata yachitatu. M'masabata omwewo ma hepatocyte amachepetsanso kugawikana, ndipo ena anaganiza kuti AFP imangotsatira kugawikana kwa maselo. Maganizo amenewa sakwanira, monga mmene opaleshoni yodula chiwindi idzationetsere.

Za zidutswa za DNA zolamulira jiniyi, zambiri zinadziwika pogwiritsa ntchito mbewa, makamaka mu labotale ya Shirley Tilghman m'zaka za m'ma 1980, ndipo jini ya khoswe inamangidwa mofanana. Pafupi ndi poyambira kukopera pali promoter, ya zilembo pafupifupi 250, pamene pamakhala mapuloteni monga HNF1, C/EBP, NF1 ndi FTF, imene ena amaitcha LRH-1. Kumtunda kwake kuli ma enhancer atatu, zidutswa za DNA zolimbikitsa kukopera, amene mu mbewa ali pa mtunda wa pafupifupi 2.5 kb, 5 kb ndi 6.5 kb. Chodabwitsa n'chakuti ma enhancer amenewa sazima nyama ikakula. Mukawalumikiza ku promoter ina n'kuwaika mu mbewa, amagwirabe ntchito m'chiwindi chachikulu, ndipo wachitatu uja amagwira makamaka m'maselo ozungulira mtsempha wapakati. Choncho loko wozimitsa jiniyi ali pa promoter ndi malo oyandikana nayo. Chidutswa cha pakati pa zilembo 250 ndi 838 kumtunda kwa poyambira chikachotsedwa, jini yoikidwa mu mbewa imapitirira kuyaka mbewayo itakula, makamaka m'maselo apakati aja.

Mapuloteni otseka lokoyo akudziwika angapo. Mu 1977 kunapezeka kuti mbewa za mtundu wa BALB/cJ zimakhala ndi AFP yochulukirapo zikakula, ka 5 mpaka ka 20 kuposa mitundu ina. Panapita zaka pafupifupi 30 kuti chifukwa chake chidziwike: mu 2005 gulu la Brett Spear linapeza kuti mbewazi zili ndi kachidutswa ka retrovirus kamene kanalowa mu jini ya Zhx2 n'kuifooketsa. Mu 2008 kunaonetsedwa kuti jini ya Zbtb20 ikachotsedwa m'ma hepatocyte okha, AFP imakhalabe pafupi ndi mlingo wa mwana wosabadwa moyo wonse, ngakhale maselowo asakugawikana. Puloteni ya Zbtb20 imakhala pa promoter penipeni, ndipo imachuluka m'chiwindi m'masabata omwe AFP ikugwa. Nayo p53 imakhala chakumtunda pang'ono, pamalo amene imalimbirana ndi FoxA, n'kuitana ma enzyme opanikiza chromatin, DNA yokulungidwa pa mapuloteni, kuti DNA ya pamenepo isafikirike.

Zimene zimatsala m'chiwindi chabwinobwino

Tsopano tifike pa khoswe wamkulu wathanzi, amene sanapatsidwe mankhwala alionse. Mukapera chiwindi chake chonse n'kutengamo RNA, n'kuiyendetsa pa gel kuti isiyanitsidwe potengera utali wake, ndi kuifufuza mwa njira ya Northern blot, zimene muone zimadalira probe imene mwasankha, kachidutswa ka DNA kokhala ndi chizindikiro kamene kamamatirira pa RNA yogwirizana nako. Probe yochokera kumapeto kwa jini imaonetsa mizere yofooka pa 1.7 kb, 1.4 kb ndi 1.0 kb. Probe yochokera koyambirira kwa jini siiona mizere imeneyi, chifukwa ma RNA aafupiwa alibe ma exon oyambirira. Mzere wa 2.1 kb umaoneka movutikira, ndipo kawirikawiri pamafunika RNA yosefedwa ya poly(A), mamaikulogalamu angapo pa kanjira kamodzi, ndi kusiya filimu masiku ambiri. Nelson Fausto ndi anzake anafotokoza bwino ma RNA amenewa mu 1991, ndipo anaonetsa kuti sachokera m'maselo amodzimodzi ndiponso salamulidwa mofanana. Aafupi aja sakwera ndi kutsika motsatira msinkhu ngati wathunthu uja. Popeza alibe chiyambi chokhala ndi kachidutswa kolondolera puloteni kunja, sangakhale gwero la AFP ya m'magazi.

Pano pali msampha umene wagwira ambiri. RNA ya ribosome yotchedwa 18S ili ndi zilembo pafupifupi 1,900, ndiye imaima pakati pa 2.1 kb ndi 1.7 kb. Ndi yochuluka kwambiri moti probe ikamatirira pang'ono chabe, filimu yosiyidwa sabata yonse imaonetsa mzere wooneka ngati wa AFP. Masiku ano anthu ambiri amagwiritsa ntchito RT-qPCR, njira yoyeza kuchuluka kwa RNA, koma vuto la kusankha lilipobe. Ma primer, tizidutswa ta DNA tosankha mbali yoti iwerengedwe, akaikidwa kumapeto kwa jini amawerenga RNA yathunthu ndi yaifupi pamodzi, motero mlingo woyambira umaoneka wokwera, ndipo kukwera kwenikweni kwa RNA yathunthu kumaoneka kochepa. Wofuna kudziwa ngati promoter ya ukhanda yayakanso aike ma primer pa ma exon oyambirira, odumpha intron kuti DNA yotsalira isawerengedwe, ndipo ndi bwino kukhala ndi ena a kumapeto oyerekezera nawo.

Kuti mudziwe selo limene lili ndi RNA iti, muyenera kusiyanitsa maselowo, ndipo njira yake ndi yogaya chiwindi ndi enzyme ya collagenase, njira imene Berry ndi Friend anayambitsa mu 1969, Seglen n'kuikonza kukhala ya magawo awiri. Khoswe atagonekedwa ndi mankhwala mokwanira, kachubu kamalowetsedwa mu mtsempha wa portal, ndipo mtsempha waukulu wa vena cava umadulidwa kuti madzi azituluka. Madzi oyamba amakhala opanda calcium, kawirikawiri okhala ndi EGTA, pa kutentha kwa 37 °C. Akangoyamba kuyenda, chiwindi chimene chinali chofiirira chakuda chimayezuka m'masekondi ochepa, n'kukhala chotuwira ngati dothi louma. Mbali imene yatsala yakuda ndiye kuti simunalowe madzi, mwina chifukwa cha thovu la mpweya kapena kachubu kolowa mopitirira mpaka m'nthambi imodzi, ndipo mbali imeneyo sidzagayika. Kuchotsa calcium kumamasula timfundo togwirizanitsa maselo. Kenako pamabwera madzi achiwiri okhala ndi collagenase, pafupifupi 0.05 peresenti, ndipo calcium amabwezeredwamo chifukwa enzyme imeneyi sigwira ntchito popanda iye. Pakatha mphindi pafupifupi 10 chiwindi chimafewa, timing'alu timaoneka pansi pa kakhungu kake, ndipo mukachikhudza ndi chitsulo chosathwa pamatsala kadzenje. Mukang'amba kakhunguko n'kugwedeza m'madzi ozizira, maselo amayoyoka ngati phala lamadzimadzi.

Ma hepatocyte ndi aakulu, mamaikulomita 20 mpaka 30, ndipo amatenga pafupifupi 80 peresenti ya kukula kwa chiwindi. Amakhazikika pansi mukapukusa pang'ono chabe mu centrifuge, pa 50 g kwa mphindi zochepa, pomwe maselo ang'onoang'ono amatsala m'madzi a pamwamba. Koma pa sefa pamatsalanso kanthu koyera, ka nthambinthambi ngati muzu wa udzu, kamene collagenase sanakagaye. Kameneka ndi mtengo wa timachubu ta ndulu pamodzi ndi mitsempha yake. Amene akufuna ma hepatocyte okha amakataya, koma pa nkhani ya AFP kukataya n'kutaya yankho. RNA yathunthu ya 2.1 kb m'chiwindi chabwinobwino imapezeka makamaka m'maselo ang'onoang'ono osakhala ma hepatocyte, a kumbali ya timachubu ta ndulu, ndipo kuti muwapeze muyenera kuduladula kamtengoko n'kukagayanso ndi ma enzyme ena monga pronase kapena trypsin. Selo limodzi lotere limakhala ndi RNA yochepa kwambiri poyerekeza ndi hepatocyte, choncho m'chiwindi choperedwa chonse uthenga wake umamira.

Ikayakanso

Kuyesa kosavuta ndi opaleshoni ya Higgins ndi Anderson ya mu 1931. Amamanga ndi kudula zigawo ziwiri zazikulu za chiwindi, chapakati ndi cha kumanzere, zimene pamodzi ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chiwindi chonse. Khoswe alibe thumba la ndulu, ndiye opaleshoniyi ndi yosavuta kuposa pa mbewa. Ma hepatocyte otsala amayamba kupanga DNA yatsopano, pachimake pake pali pa maola pafupifupi 24, ndipo pakatha masiku 7 mpaka 10 chiwindi chimakhala chabwerera pa kulemera kwake. Pafupifupi hepatocyte iliyonse imagawikana kamodzi kapena kawiri. Zikanakhala kuti AFP imangotsatira kugawikana, apa ikanakwera koopsa. Koma mu khoswe wokhwima imangokwera pang'ono kwa masiku ochepa n'kutsikanso, kutali kwambiri ndi mlingo wa ukhanda. Mu khoswe wamng'ono amene wangosiya kuyamwa imakwera kwambiri, chifukwa loko uja amakhala asanalimbe. N'chifukwa chake msinkhu wa makoswe uyenera kulembedwa m'masabata: khoswe wa masabata asanu ndi wa miyezi itatu sangaikidwe m'gulu limodzi n'kumati onse ndi aakulu.

Carbon tetrachloride amavulaza mosiyana. Enzyme ya CYP2E1, yochuluka m'maselo ozungulira mtsempha wapakati, imamusandutsa poizoni, ndipo maselo a pamenepo amafa. Otsala amagawikana n'kudzaza malowo, ndipo AFP imakwera kuposa pa opaleshoni yodula. Mu mbewa kukweraku kumasiyana ndi mtundu: za C57BL/6 zimakweza pang'ono poyerekeza ndi zina, chifukwa cha jini ina yotchedwa Afr2, yosiyana ndi Zhx2. Zikusonyeza kuti kuzima pobadwa ndi kuyakanso povulala zili ndi olamulira osiyana.

D-galactosamine ndiye amayamba kuonetsa chithunzi china. Mankhwalawa amamaliza UTP, chimodzi mwa zopangira RNA, m'ma hepatocyte, motero maselowo amalephera kupanga RNA, ena n'kufa apa ndi apo, ndipo otsala amachedwa kugawikana. AFP imakwera mochedwerapo koma kwambiri, ndipo mukayang'ana ndi njira ya in situ hybridization, yoonetsa RNA m'maselo pa kagawo ka chiwindi, chizindikiro sichikhala pa ma hepatocyte aakulu kwenikweni. Chimakhala pa timaselo tating'ono ta m'mphepete mwa lobule.

Timaselo timeneti ndi maselo a oval, dzina limene Emmanuel Farber anawapatsa mu 1956 atawaona m'makoswe odyetsedwa mankhwala oyambitsa khansa a ethionine, 2-AAF ndi utoto wa azo. Ndi ang'ono, pafupifupi mamaikulomita 10, nyukiliyasi yake ndi yozungulira motalikirako ngati dzira, ndipo thupi la selo ndi lochepa. Amachokera pa timachubu tating'ono kwambiri totchedwa canals of Hering, pamene ma hepatocyte amakumana ndi maselo a timachubu ta ndulu. Ali ndi zizindikiro za mbali zonse ziwiri: cytokeratin 19, OV-6 ndi GGT monga maselo a ndulu, komanso albumin ndi AFP monga maselo a chiwindi cha mwana wosabadwa. RNA yawo ya AFP ndi yathunthu ya 2.1 kb, ndipo ndi yambiri.

Njira yodziwika yowachulukitsira inachokera pa kafukufuku wa Solt ndi Farber wa mu 1976. Makoswe aamuna, kawirikawiri a mtundu wa Fischer 344, amadyetsedwa chakudya chokhala ndi 2-AAF wa 0.02 peresenti kwa masabata awiri, ndipo pakati pa nthawiyi, tsiku la 7, amachitidwa opaleshoni yodula chiwindi ija. Ma hepatocyte ali ndi ma enzyme osandutsa 2-AAF kukhala chinthu chomatirira pa DNA, choncho ngakhale uthenga woti agawikane wafika, sangathe. Maselo a timachubu ta ndulu ali ndi ma enzyme amenewa ochepa, ndiye ndi amene amayankha. Pa galasi la maikulosikopu, masiku atatu oyambirira mumangoona timaselo towerengeka pafupi ndi mtsempha wa portal. Pofika tsiku la 9 mpaka 11 pambuyo pa opaleshoni, timakhala titatambalala m'mizere yopyapyala yolowa pakati pa ma hepatocyte, ngati mizu yofunafuna madzi, ndipo AFP ya m'magazi imakhala itakwera kuposa pa njira zonse tatchulazi. Kenako pamaoneka timagulu ta ma hepatocyte ang'onoang'ono odetsedwa kwambiri ndi utoto. Gulu la Snorri Thorgeirsson linaonetsa mu 1987 kuti chizindikiro cha thymidine, chimodzi mwa zopangira DNA, choikidwa m'maselo a oval chimakapezeka m'timagulu timeneti. Maselowo akamakhwima kukhala ma hepatocyte, albumin imakwera ndipo AFP imazima, monga mmene zimachitikira khoswe akabadwa.

Zolakwika pa njirayi n'zodziwika. Khoswe wodwala sadya mokwanira, ndiye mankhwala a m'chakudya amalowa ochepa, ma hepatocyte n'kumasuka, ndipo maselo a oval satuluka. N'chifukwa chake ena amamwetsa mankhwalawo ndi kachubu kapena kuika kambulu kake pansi pa khungu. Mankhwalawo akachuluka, makoswe amafa chiwindi chisanachire. Mitundu ya makoswe imasiyana kupirira, ndipo pa mbewa njirayi sigwira bwino chifukwa chiwindi chake sichisandutsa 2-AAF mofanana. Mankhwalawa akuganiziridwa kuti angayambitse khansa kwa munthunso, ndipo nyamazo zimamva ululu weniweni, choncho ntchito yotere imafuna chilolezo, zodzitetezera ndi mankhwala opha ululu, komanso kukonzekera bwino kuti makoswe asavutike pachabe. Njira ina yopanda opaleshoni ndi chakudya chosowa choline chothiridwa ethionine, chimene chimatulutsa maselo a oval m'masabata ochepa.

Pa khansa, AFP imatha kukwera pa nthawi ziwiri zosiyana. Makoswe odyetsedwa utoto wa azo wotchedwa 3'-Me-DAB amakweza AFP m'masabata oyambirira, nthawi imene maselo a oval achuluka, kenako imatsika, n'kudzakweranso patapita miyezi chotupa chenicheni chikabadwa. Woyeza magazi okha angaganize kuti kukwera koyamba kuja ndi khansa, pamene ndi chiwindi chikuyesa kudzikonza. Timatumphu ta ma hepatocyte osinthika timene timatsogolera khansa, todziwika ndi enzyme ya GST-P, kawirikawiri sitikhala ndi AFP. Ngakhale zotupa zenizeni zimasiyana: Morris hepatoma 7777, chotupa chokula msanga, chimatulutsa AFP yambiri zedi, pomwe zotupa zina za Morris zokula pang'onopang'ono, zofanana kwambiri ndi chiwindi chabwinobwino, zimatulutsa yochepa kapena osatulutsa n'komwe. Kwa anthunso zili chomwecho pamlingo wina, chifukwa matenda otupa chiwindi amakweza AFP popanda khansa, ndipo khansa zina za chiwindi siziikweza.

Chotsala ndi kuyeza puloteni yeniyeniyo, ndipo apa m'pofunika kusamala koposa. AFP ndi puloteni yotuluka: selo likaipanga limaitulutsa msanga, choncho selo lopanga kwambiri likhoza kuoneka lotuwa mukalidetsa ndi antibody yogwira AFP. Mbali inayi, magazi akadzaza AFP, maselo akufa kapena obooka amaimwa n'kuoneka akuda bii, ngakhale sanapangeko n'kamodzi komwe. Pa chiwindi chovulazidwa ndi carbon tetrachloride, maselo oterewa amazungulira mtsempha wapakati, malo omwewo amene munthu amayembekezera kuona AFP, ndiye n'kosavuta kunyengeka. Kutsuka magazi m'chiwindi ndi madzi amchere musanachiumitse ndi mankhwala kumathandiza, koma chodula mlandu ndi kuona RNA m'selo lomwelo, pa kagawo kotsatira ka chiwindicho, ndi probe ya koyambirira kwa jini, pamodzi ndi probe yosayenera kumatirira yoonetsa kuchuluka kwa chizindikiro chabodza. Makoswe aakazi a bere, kapena amene angobereka kumene, sayenera kulowa m'gulu loyerekezera, chifukwa AFP ya ana imadutsa n'kulowa m'magazi a mayi. Ndipo magazi amatsalira m'mbuyo: RNA imakwera kaye m'chiwindi, puloteni n'kutsatira, ndipo RNA ikazima puloteniyo imazungulirabe kwa kanthawi. Pa njira ya 2-AAF ndi opaleshoni, kutenga chiwindi tsiku limodzi lokha sikokwanira. Pamafunika zigawo za tsiku la 3, la 9 ndi la m'sabata yachitatu, chilichonse ndi magazi ake, kuti muone maselo a oval akutuluka, akufika pachimake, ndiponso akusanduka ma hepatocyte amene azimitsanso jiniyo.